Zeu kutchalitchi, Júpiter kusukulu: mayina a m'nthano za Agiriki ndi Aroma m'kalasi ya zinenero ziwiri

Msewu wa N9 wochokera ku Tete umathera pa chipata cha Cassacatiza, m'boma la Chifunde. Kungodutsa chipatacho, munthu wafika pa Chanida m'dziko la Zambia, pa njira ya ku Katete. Mwana wokulira m'dera limeneli amamva Chinyanja kunyumba ndi kutchalitchi, Chipwitikizi kusukulu, ndipo Chingerezi chimamupeza pa wailesi kapena kwa abale a tsidya linalo. Kawirikawiri chinenero chilichonse chimakhala pamalo pake. Koma pali kagulu ka mawu kamene kamasonkhanitsa zitatuzi n'kusokoneza mwana, nthawi zina ndi mphunzitsi yemwe. Amenewa ndi mayina ochokera m'nthano za Agiriki ndi Aroma.

Chitsanzo chapafupi chili m'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 14. Paulo atachiritsa munthu wolumala ku Lustra, khamu la anthu linaganiza kuti milungu yatsika, ndipo linatcha Barnaba ndi Paulo mayina a milungu iwiri. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray wa ku Nkhoma, limati mayinawo anali Zeu ndi Herme. Baibulo la Chipwitikizi la João Ferreira de Almeida, m'makope ake ofala, limati Júpiter ndi Mercúrio. La Chingerezi la King James, la 1611, limati Jupiter ndi Mercurius. Mutu 19 uli chimodzimodzi: mulungu wamkazi wa ku Efeso ndi Artemi m'Chinyanja, koma kwa Almeida ndi Diana. Mwana wakhutu amene wamva mabuku onse awiri akhoza kufunsa kuti walakwa ndani. Palibe walakwa. Bukulo linalembedwa m'Chigiriki, ndipo mayina ali m'menemo ndi Zeus, Hermes ndi Artemis. Omasulira a Chinyanja anatsata Chigirikicho. Baibulo la Chilatini lotchedwa Vulgata, la cha m'ma 400, linaika mayina a milungu ya Aroma imene owerenga ake ankaidziwa, ndipo mayiko a kumadzulo kwa Ulaya anatengera mwambo umenewo kwa zaka zoposa 1000.

Wina anganene kuti izi ndi za abusa, si za mphunzitsi wa pulayimale. Komatu mayinawa ali m'kalasi kale. Ali pa chithunzi cha mapulaneti: Mercúrio, Vénus, Marte, Júpiter, Saturno, Úrano, Neptuno. Ali pa tsiku limene limalembedwa pa bolodi m'mawa uliwonse, pakuti Janeiro anachokera kwa Janus, Março kwa Mars, Maio kwa Maia, Junho kwa Juno. Alinso m'kaundula wa ana: Diana, Hélio, Dionísio, Demétrio, Narciso, Helena, Heitor. Ngakhale nsapato za pa kaunjika zolembedwa Nike zili ndi dzina la mulungu wamkazi wa chipambano.

Mafunso awiri amene amasakanizidwa

Chisokonezo chachikulu chimabwera chifukwa anthu amaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi dzina limodzi lolembedwa mosiyanasiyana. Akhilleus wa Agiriki, Achilles wa Aroma ndi Aquiles wa Chipwitikizi ndi munthu mmodzi, dzina limodzi, langosintha zovala panjira. Chachiwiri ndi mayina awiri a milungu ya mitundu iwiri imene anthu anailunzanitsa. Ares si kalembedwe kena ka Mars, ndipo Artemis si kalembedwe kena ka Diana.

Aroma anali ndi milungu yawoyawo asanawerenge mabuku a Agiriki. Atawawerenga, anayamba kufananitsa: uyu wa nkhondo ndi Mars wathu, uyu wa m'nyanja, Poseidon, ndi Neptunus wathu, Hera ndi Juno, Athena ndi Minerva, Aphrodite ndi Venus, Kronos ndi Saturnus. Kenaka anatenga nthano za Agiriki n'kuzisenzetsa milungu yawo. Kufananitsako sikunali kokwanira bwino paliponse. Ares m'nthano za Agiriki ndi wachiwawa, wosakondedwa ngakhale ndi bambo wake Zeus, pamene Mars kwa Aroma anali wolemekezeka, tate wa Romulus amene ankati ndiye anayambitsa mzinda wa Roma. Janus, wa nkhope ziwiri, mlonda wa zipata ndi chiyambi cha zinthu, analibe mnzake kwa Agiriki. Apollo anangolowa ku Roma ndi dzina lake lomwelo. Zeus ndi Júpiter ali pachibale chenicheni cha mawu: onse anachokera ku tsinde limodzi lakalekale lotanthauza thambo lowala, ndipo mbali yachiwiri ya dzina la Iuppiter ndi mawu akuti tate. Mawu a Chipwitikizi akuti Deus ndi a m'banja lomwelo, n'chifukwa chake amamveka ngati Zeus, ngakhale tanthauzo lake lero lili kutali.

Achewa sakusowa chitsanzo cha kulunzanitsa kotere. Makolo anali ndi mayina angapo a Wamkulukulu: Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza, Chisumphi, Mulungu. Omasulira Baibulo anayenera kusankha. Buku Lopatulika linasiya dzina la Chihebri monga Yehova, koma Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi, linaika Chauta pamalo pomwepo. Kumeneko ndi kusankha dzina la kwanu kuti liimire dzina lachilendo, zomwe Vulgata inachita ndi Zeus.

Pano mphunzitsi ayenera kusamala. N'kosavuta kuuza ana kuti Zeus ndi Mphambe wa Agiriki, popeza onse awiri amatchulidwa pa nkhani ya mabingu ndi ziphaliwali. Monga poyambira kufotokoza, kufanizirako kumathandiza. Koma mwana akapita kunyumba n'kukanena kuti aphunzitsi ati Chauta ndi Zeus, mawa lake kholo lifika pasukulu, ndipo silikhala litalakwa. Zeus wa m'nthano ali ndi makolo, akazi ambiri ndi ana apathengo. Chauta wa Achewa sali choncho.

Njira imene dzina linadutsa

Mayina ambiri a Chigiriki anafika m'Chipwitikizi kudzera m'Chilatini, ndipo pa chipata chilichonse ankasiyapo kanthu. Oyambirira kulowa ku Roma analowa ndi khutu, anthu wamba akungotchula monga anamvera. Herakles anasanduka Hercules, Odysseus anasanduka Ulixes, Polydeukes anasanduka Pollux, Persephone anasanduka Proserpina. Palibe lamulo la zilembo limene lingafotokoze zimenezi, monganso palibe lamulo la zilembo limene linasandutsa sapato kukhala nsapato, carta kukhala kalata, capitão kukhala kapitawo. Pakamwa ndi pamene panagwira ntchito.

Pambuyo pake alembi ophunzira a ku Roma anakhazikitsa njira yosamutsira mayina chilembo ndi chilembo, ndipo imeneyi ndiyo mphunzitsi angathe kuiphunzira. Chilembo cha Chigiriki cha liwu la k anachilemba c. Mawu othera ndi os anawatheretsa ndi us, ndipo Chipwitikizi chinadzawafupikitsa kukhala o: Ikaros, Icarus, Ícaro. Zilembo ai zinakhala ae, oi zinakhala oe, ndipo zonse ziwiri m'Chipwitikizi zinathera pa e: Daidalos, Daedalus, Dédalo, Oidipous, Oedipus, Édipo. Zilembo ou zinakhala u: Ouranos, Uranus, Úrano. Chigiriki chinalinso ndi liwu lina la pakati pa u ndi i limene Aroma analibe, choncho anabwereka chilembo chake, y, n'kuchiika kumapeto kwa alifabeti pamodzi ndi z. Ndicho chifukwa chake mpaka lero y amatchedwanso i grego m'Chipwitikizi.

Nkhani ya c ndi imene imapindulitsa kwambiri m'kalasi. M'Chilatini cha nthawi ya Julius Caesar, c ankamveka k paliponse. Patapita zaka mazana, liwulo linafewa likakhala patsogolo pa e kapena i, mpaka m'Chipwitikizi linasanduka s, koma chilembo chinatsala chomwecho. Motero Kirke ndi Circe, Kyklops ndi Ciclope, Kentauros ndi Centauro, Narkissos ndi Narciso, Okeanos ndi oceano. Mwana wa ku Cassacatiza ali ndi umboni m'manja mwake. Mfumu imene buku la mbiri limaitcha César, Baibulo la Chinyanja limaitcha Kaisara. Dziko limene mapu amalitcha Macedónia, kutchalitchi ndi Makedoniya. Pa mayina amenewa katchulidwe ka Chinyanja kali pafupi ndi ka anthu a nthawi imeneyo kuposa ka Chipwitikizi kapena Chingerezi.

Chilembo j chili ndi mbiri yofanana. Aroma ankalemba Iuppiter, Iuno, Ianus, ndipo i woyambirirayo ankamveka ngati y wa mu yankho. Chilembo j chinadzapatulidwa kwa i cha m'zaka za m'ma 1500, ndipo chinenero chilichonse chinachipatsa liwu lake. Mpwitikizi ndi Mngerezi akawerenga Júpiter ndi Jupiter amayamba ndi maliwu osiyana, ndipo onse awiri si a Chilatini. Yesu, Yohane, Yuda ndi Yerusalemu a m'Chinyanja anasunga y wakaleyo. Nayenso v wa mu Venus ankamveka ngati w.

Pali kusiyana kwina pakati pa Chipwitikizi ndi Chingerezi kumene kumavutitsa ana a m'malire. Mayina a Chilatini ankasintha mathero malinga ndi ntchito yawo m'chiganizo. Mulungu wa nkhondo anali Mars akakhala wochita, koma Martem akakhala wochitiridwa. Chingerezi chinatenga mtundu woyambawo, Chipwitikizi chinatenga wachiwiri. Mars ndi Marte, Pluto ndi Plutão, zinasiyana motero. Mwana amene msuweni wake wa ku Katete wamuuza za Mars sangadziwe yekha kuti ndi Marte wa m'buku lake.

Ph, th ndi kh

Apa ndi pamene mwana wolankhula Chinyanja amaposa mwana wa ku Lisboa kapena ku London, ngakhale kuti palibe amene amamuuza.

Chigiriki cha ku Athens cha zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe chinali ndi p, t, k wamba, komanso p, t, k wotuluka ndi mpweya, aliyense ndi chilembo chake. Kusiyana kumeneku ndi komwe kuli pakati pa pala ndi phala, panga ndi phanga, kola ndi khola. Mwana wa kalasi yoyamba amakudziwa osaphunzitsidwa, pakuti amati phiri koma mapiri, thupi koma matupi, khasu koma makasu. Aroma analibe maliwu a mpweyawa. Poyamba ankangowalemba p, t, c: pa lamulo la akuluakulu a Roma la chaka cha 186 Khristu asanabadwe, loletsa miyambo ya Bacchus, dzina la mwambowo linalembedwa ndi c wopanda h. Kenaka anayamba kuwonjezera h kuti asonyeze mpweyawo, n'kupanga ph, th ndi ch. Mfundo yofunika ndi yakuti Aroma anali nacho chilembo f, koma sanachigwiritse ntchito polemba Aphrodite kapena Orpheus. Akanakhala kuti ankamva f, akanalemba f.

Patapita nthawi, Chigiriki chenichenicho chinasintha, ph n'kusanduka f. Chingerezi chinasunga zilembo zakale ndi katchulidwe katsopano, ndiye chimalemba ph n'kumawerenga f. Chipwitikizi chinachita zomwezo mpaka 1911, pamene dziko la Portugal linakonza kalembedwe ndi kuchotsa ph, th, y ndi ch wa liwu la k. Pharmacia inasanduka farmácia, Orpheu anasanduka Orfeu, Theseu anasanduka Teseu, Achilles anasanduka Aquiles. Kusinthako sikunalandiridwe tsiku limodzi: magazini yotchuka ya Fernando Pessoa ndi anzake inatuluka mu 1915 ikadali ndi dzina lakuti Orpheu.

Zotsatira zake ndi zakuti mwana wa Chinyanja akaona Athena kapena Akhilleus n'kuwerenga th ndi kh monga amawerengera thobwa ndi khasu, wayandikira kwambiri katchulidwe ka eni dzina akalewo. Mawu akuti Khristu ali ndi kh yemweyo. Koma Filipo ndi Febe analowa m'Chinyanja ndi f wa pambuyo pake, choncho ngakhale Baibulo silinatsate njira imodzi. Vuto limabweranso chobwerera: munthu wozolowera Chingerezi akaona mfunda wa Phiri kwa nthawi yoyamba amawerenga Firi.

Zilembo ch zokha zili ndi ntchito zitatu m'maso mwa mwana mmodzi. M'dzina la Chilatini monga Achilles zikuimira kh. M'Chipwitikizi, monga mu chuva, zikuimira sh. M'kalembedwe ka ku Malawi, kamene nkhani ino yatsata, zikuimira liwu loyamba la chimanga, pamene kalembedwe ka ku Mozambique ndi ku Zambia kamalemba liwu lomwelo ndi c yekha, monga mu Cinyanja. Dzina la boma la Chifunde limamveka mwina pakamwa pa munthu wa ku Maputo, mwinanso pakamwa pa mwini dera. Chilembo h nachonso chimapusitsa. M'Chipwitikizi sichimveka konse, ndiye Hércules ndi Hermes amayamba ndi e, koma mwana amene waphunzira kuwerenga Yohane ndi Herode amachitchula, ndipo adzachitchulanso mu hora ndi homem ngati sanauzidwe.

Zomwezo zinachitikira mayina a kuno

Njira yachidule yofotokozera zonsezi ili pa chikwangwani cha sukulu. Zimene Chilatini chinachita ndi mayina a Agiriki, Chipwitikizi chinachita ndi mayina a dera lino. Alifabeti ya Chipwitikizi imene aphunzitsi ambiri anakulira nayo inali ya zilembo 23, yopanda k, w ndi y, zomwe Chinyanja sichingayende popanda izo. Choncho k analembedwa c kapena qu, w analembedwa u, ny analembedwa nh. Dzina limene limamveka Kasakatiza linalembedwa Cassacatiza, ndi s awiri chifukwa s mmodzi pakati pa malembo a liwu amamveka z m'Chipwitikizi. Makanga ndi Macanga, Ulongwe ndi Ulónguè, Domwe ndi Dómuè, Zobwe ndi Zóbuè, Mwaladzi ndi Mualadzi. Gule wa Nyau, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, amalembedwa Nhau m'zolemba zambiri za Chipwitikizi. Mayina ena anapatsidwa mathero a Chilatini enieni: Angónia kuchokera kwa Angoni, Marávia kuchokera kwa Amaravi.

Izi si zongosangalatsa akatswiri. Banja limodzi likhoza kukhala Mwale tsidya la Zambia ndi Muale tsidya lino, ndipo kusiyana kwa chilembo chimodzi pa chikalata cha kubadwa ndi pa satifiketi ya sukulu kumayendetsa munthu maulendo ambiri a ku maofesi. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake Mwale ndi Muale ali dzina limodzi sangavutike ndi Ikaros ndi Ícaro.

Funso lakuti dzina lilembedwe monga eni ake kapena monga mwambo wa olibwereka si lachilendo. Ku England, George Grote, polemba mbiri ya Agiriki kuyambira mu 1846, anabwezera k m'mayina ambiri ndi kutcha milungu mayina ake a Chigiriki. Omasulira Homer m'Chingerezi sanagwirizanebe: Richmond Lattimore mu 1951 analemba Achilleus, Robert Fitzgerald mu 1974 analemba Akhilleus, ambiri amalembabe Achilles. M'Chipwitikizi mwambo wa Chilatini ndi wozama kwambiri, ndipo mbali ina ya mbiri yake inachitikira m'dziko lino. Luís de Camões anakhala pa Ilha de Moçambique kuyambira 1567 mpaka 1569, ndipo m'buku lake la Os Lusíadas, la 1572, milungu imene imakangana za ulendo wa Vasco da Gama ndi Júpiter, Vénus, Marte, Mercúrio ndi Baco. Ndi pachilumba pomwepo pamene ndakatuloyo imaika Baco akukonzera amalinyerowo chiwembu. Wophunzira amene adzafike powerenga bukuli adzafunika mayina a Chilatiniwa, ngakhale kutchalitchi anamva ena.

Pogogomeza liwu

Chigiriki chakale sichinkagogomeza phatikizo monga Chipwitikizi. Chinkakweza ndi kutsitsa liwu, mofanana ndi mmene Chinyanja chimasiyanitsira mtengo womera ndi mtengo wa pamsika. Timizere ta pamwamba pa zilembo za Chigiriki, timene amati tinayambitsidwa ndi Aristophanes wa ku Byzantium mumzinda wa Alexandria cha m'ma 200 Khristu asanabadwe, tinkasonyeza kukwera kwa liwuko. Aroma sanasamale zimenezo. Anali ndi lamulo lawo: phatikizo lotsatizana ndi lomaliza likakhala lalitali, ligogomezedwe, likakhala lalifupi, mphamvu ibwerere kumbuyo phatikizo limodzi. Chipwitikizi chinatsata Aroma. Agiriki ankakweza liwu pa lo mu Penelope, pa pa mu Kleopatra, ndi pa nos mu Ouranos, koma Chipwitikizi chimati Penélope, Cleópatra, Úrano.

Chinyanja chimakoka phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, ndiye mwana akasiyidwa yekha adzakoka lo mu Penélope, pi mu Júpiter, cu mu Hércules. Pa Penélope wagwirizana ndi Agiriki mwangozi, koma m'phunziro la Chipwitikizi walakwabe. Mayina amenewa ndi abwino pophunzitsira ntchito ya kamzere ka acento, chifukwa mwana sanawamvepo kokwanira kuti angowaloweza, ayenera kuyang'ana kamzereko. Mabuku ochokera ku Brazil amawonjezera kachisokonezo kena: amalemba Vênus, Netuno ndi Urano pamene mabuku otsata kalembedwe ka ku Portugal amalemba Vénus, Neptuno ndi Úrano.

Polemba m'Chinyanja

Kuyambira pa ntchito yoyesera ya PEBIMO, imene INDE inayendetsa ku Tete ndi ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, ndiponso kuyambira pamene maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'ndondomeko ya boma mu 2003, aphunzitsi akhala akudzipangira okha zowerenga zambiri za Chinyanja. Misonkhano ya kalembedwe ka zinenero za dziko lino ya 1988, 1999 ndi 2008, imene akatswiri a Universidade Eduardo Mondlane anatsogolera, inakhazikitsa zilembo. Koma mphunzitsi amene akulemba ndime ya mapulaneti usiku, choko chikumudikira m'mawa, ayenera kusankha yekha kuti dzina lachilendo alilembe bwanji.

Mawu a Chinyanja amathera ndi lembo la liwu, ndiye dzina lothera ndi s liyenera kutaya s kapena kulandira i. Omasulira Baibulo anachita zonse ziwiri: Loukas anakhala Luka, Barnabas anakhala Barnaba, Zeus anakhala Zeu, koma Thomas anakhala Tomasi. Pamene dzina linakhazikika kale motero, n'kwanzeru kulisiya. Kulemba Zeusi kapena Sezare pamene agogo a mwanayo akhala akuwerenga Zeu ndi Kaisara kwa zaka 100 ndi kuwonjezera dzina lachinayi pa atatu amene alipo kale.

Mapulaneti ndi nkhani ina. Wolemba amene anaphunzira m'Chingerezi adzalemba Jupita, Masi, Venasi, chifukwa ndi zimene khutu lake limamva, ndipo zolemba zotere zimawoloka malire mosavuta. Kwa mwana wa ku Chifunde mayina amenewo ndi njira yosafika kulikonse, pakuti m'makalasi apamwamba adzaphunzira ndi kulemba mayeso m'Chipwitikizi. Chomuthandiza ndi kuona Marte, Júpiter ndi Vénus m'ndime ya Chinyanja monga adzawaonere m'buku la sayansi, mphunzitsi n'kumuuza katchulidwe kake ndi pakamwa. Pochonga, kusiyanitsa kuja kwa mafunso awiri kumagwira ntchito. Mwana amene walemba Ikaro m'malo mwa Ícaro wadziwa dzina, wangosakaniza malamulo a zinenero zake ziwiri, ndipo chimene akusowa ndi phunziro la c ndi k. Amene walemba Zeus pofunsidwa pulaneti lalikulu kuposa onse walakwa yankho, chifukwa mapulaneti ali ndi mayina a Chilatini, koma wasonyeza kuti akudziwa kanthu, ndipo cholembera chofiira chokha sichingamuuze chimene chalakwika. Úrano yekha, amene William Herschel anamutulukira mu 1781, ndiye ali ndi dzina la mulungu wa Agiriki, nalonso litavala zilembo za Chilatini.

Phunziro la Vénus likhoza kuyambira panja, osati pa bolodi. Ana amene amalawirira kumunda kapena kumjigo amaidziwa nthanda, nyenyezi yowala ya mbandakucha. Alice Werner, amene analemba za miyambo ya Anyanja kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anasunga nthano yakuti mwezi uli ndi akazi awiri: Chekechani wa kum'mawa, amene amaumana chakudya mpaka kuwonda, ndi Puikani wa kumadzulo, amene amaudyetsa mpaka kunenepa. Agiriki nawonso poyamba ankaona nyenyezi ziwiri, ya m'mawa Phosphoros ndi ya madzulo Hesperos, zimene Aroma anazitcha Lucifer ndi Vesper, asanazindikire kuti ndi chinthu chimodzi chooneka nthawi ziwiri. Mphunzitsi angatume ana kukafunsa agogo awo mayina amene nyenyeziyi imadziwika nawo m'midzi ya ku Cassacatiza ndi tsidya la Chanida, n'kuwalemba pa bolodi m'kalembedwe ka Chinyanja, Vénus n'kubwera pomalizira pa mndandandawo.